Mtumiki wa Uthenga, Abale Ake, ndi Miyala ya ku Athens

Mtumiki amene mpingo wamtumiza ku dziko la Greece angathe kukhala zaka zingapo osaona nkhope ya mai wake. Tsiku lina uthenga umfika wakuti makolo ake ndi mlongo wake asonkha ndalama ya ndege, ndipo adzakhala naye milungu iwiri. Afuna kukwera phiri la Acropolis, afunanso kukafika ku Corinth. Zithunzi za ulendowo zikafika kwathu, ena a ife amene timaponya chopereka cha mishoni Sabata ndi Sabata tiyamba kunong'onezana: kodi tinamtuma kukalalikira, kapena kukaona malo? Nayenso mtumikiyo mtima umamtsutsa. Kukaikirana kotere kungafooketse manja a opereka ndi mtima wa wotumidwa, chotero tiyenera kufunsa Malembo.

Werengani Machitidwe 17:15-23. Kodi Paulo anachita chiyani m'masiku amene analindira Sila ndi Timoteo?

Mtumwiyo sanadzitsekere m'nyumba. Anayendayenda mu Athens, mzinda umene Baibulo lathu liutcha Atene, napenyetsetsa zinthu zimene eni mudzi ankazipembedza. Pamwamba pa Acropolis panali kachisi wa Parthenon, amene anayamba kumangidwa m'chaka cha 447 B.C. polemekeza mulungu wamkazi Athena. M'masiku a Paulo kachisiyo anali atakhala kale zaka pafupifupi 500, ndipo alendo ankamgomera. Paulo anaona zomwezo zimene alendo ena ankaona, koma mtima wake unapweteka chifukwa cha kuchuluka kwa mafano. Tizindikire bwino apa: ulaliki wake wa pa Areopagi unabadwa mwa kuyenda kumeneko. Akadapanda kuima ndi kuwerenga mau olembedwa pa guwa la mulungu amene eni ake sanamdziwe, akadasowa khomo lolowera m'mitima ya anthu ophunzira aja.

Palinso kupenya kwa mtundu wina. Pa Marko 13:1,2 wophunzira wina anaonetsa Yesu kukula kwa miyala ya Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo Ambuye anamyankha ndi chiweruzo chimene chinakwaniridwa m'chaka cha A.D. 70. Kuyang'ana miyala sikunali kulakwa. Chimene wophunzirayo sanaone ndicho chakuti miyala imagwa. Wofika ku Parthenon lero akhoza kuwerenga phunziro lomwelo. Nyumba ija inasanduka tchalitchi, kenaka mzikiti, ndipo mu 1687 onga wa mfuti umene unasungidwamo unaphulika pa nkhondo ya pakati pa Venice ndi Aturuki. Zotsala ndi mizati yopanda denga. Koma mseu wodutsa m'tsinde mwa phirilo utchedwa ndi dzina la Dionisiyo, mmodzi wa anthu ochepa aja amene anakhulupirira tsiku limene ena anaseka pomva za kuuka kwa akufa (Machitidwe 17:32-34). Bambo amene mwana wake wamuonetsa zimenezi, Baibulo liri chitsegulire, sanataye tsiku lake.

Ku Corinth, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Athens, zoona ziri zambiri. Pa njira alendo amaima pa mlatho kuyang'ana ngalande yakuya yodutsamo zombo, imene inatsegulidwa mu 1893. Pa bwalo la mzinda wakale paoneka chiunda cha miyala pamene akuluakulu a boma ankaweruzira milandu, chimene chitikumbutsa tsiku lija Ayuda anakokera Paulo kwa Galiyo. Mwala wolembedwa umene unapezeka ku Delphi utchula Galiyo yemweyo, ndipo utithandiza kudziwa kuti analamulira Akaya cha m'ma A.D. 51 ndi 52. Munthu amene waima pamenepo sawerenganso Machitidwe 18 monga nthano.

M'mbiri ya mpingo wathu muli chitsanzo. Mai Ellen G. White anakhala ku Ulaya kuyambira 1885 kufikira 1887, ku Basel m'dziko la Switzerland, pamodzi ndi mwana wao W. C. White. Anafika ku zigwa za Awadensi ku Italy, nalalikira ku Torre Pellice, naona mapiri amene anabisa okhulupirira m'zaka za mazunzo. Buku lao lonena za mkangano wa pakati pa Kristu ndi Satana litatulukanso mu 1888, mbiri ya okonzanso mpingo ku Ulaya inali itakula ndithu.

Werengani Eksodo 18:5-24. Kodi Mose anamuonetsa chiyani mpongozi wake?

Yetero anadza ku chipululu ndi Zipora ndi ana amuna awiri a Mose. Mose anasiya zochita zake, natuluka kukamchingamira, namlonjera mwaulemu, nalowa naye m'hema, namfotokozera zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Sanayese mlendo wake ngati chododometsa. Koma m'mawa mwake Yetero anaona Mose ali pa ntchito kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo uphungu umene unapulumutsa Mose ku kulema unachokera m'kuona kumeneko. Apa ndipo atumiki ena amaperewera. Amaonetsa abale mabwinja ndi nyanja, koma osawaonetsa kagulu ka okhulupirira kamene anadzera. Ku Greece anthu ochuluka ali a mpingo wa Orthodox, Aadventisti ali owerengeka, ndipo lamulo lalikulu la dzikolo liletsa kukopa munthu kuti asiye chipembedzo chake. Ntchito ya kumeneko imayenda pang'onopang'ono, ndipo mtumiki angachite manyazi kuonetsa mai wake chipinda cha mipando yochepa. Asatero ai. Mai amene wakhala pa mpando umodzi wa imeneyo, ngakhale sanamve liu limodzi la Chigriki, adzadziwa chopempherera akabwerera kwao.

Zinthu ziwiri zifunika kunenedwa mosabisa. Choyamba ndi ndalama. Ulendo wa abale ulipiridwe ndi thumba la banja, ndipo masiku ake apemphedwe kwa atsogoleri pasadakhale. Galimoto ya mishoni ndi mafuta ake ziri ndi mwini wake. Paulo sanafune kunyamula yekha mphatso ya mipingo, kuti pasapezeke wompeza chifukwa (2 Akorinto 8:18-21).

Chachiwiri ndi Sabata, ndipo ichi chibvuta koposa, pakuti si abale onse amene ali a chikhulupiriro chathu. Mlongo amene wawononga ndalama zambiri amawerenga masiku ake, ndipo adzafunsa chifukwa chake tsiku lathunthu lipite osakaona kanthu. Nkwabwino kumuuza asanagule tikiti ya ndege, kusiyana ndi kukangana dzuwa la Lachisanu liri kulowa. Paulo ku Corinth ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, koma Sabata liri lonse ankapezeka m'sunagoge, ku Filipi anatuluka kunja kwa chipata kunka ku mtsinje kumene ankapempherera (Machitidwe 18:3,4, 16:13). Kuima pa mzere wogula matikiti ndi kutsatsana mitengo m'masitolo a ku Plaka kungathe kudikira tsiku loyamba la mlungu. Thanthwe la Areopagi lokha salipiritsa polikwera. Banja lingakhale pamenepo madzulo a Sabata ndi kuwerenga ulaliki wa Paulo, umene unalembedwanso m'Chigriki pa mkuwa m'tsinde mwa thanthwelo. Okalamba agwiridwe dzanja, pakuti mwalawo uli woterera.

Zokambirana m'kalasi: Mbale amene ali kutumikira kunja wakulemberani kuti atate ake, amene sasunga Sabata, ali ndi masiku anai okha, ndipo limodzi la iwo ndi Sabata. Kodi mudzamyankha bwanji?