Mfundo zofunika pa thandizo la boma chimanga chikapserera

Pa Msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, palibe munda, koma chilala chimafikapo. Mvula ikadula ku Dowa, ku Mchinji kapena ku Dedza, wa kaunjika amatsegula belo n'kukhala nalo milungu ingapo chifukwa ndalama za ogula zathera ku ufa, uku akumudzi akuimba foni kupempha ya thumba limodzi. N'chifukwa chake thandizo lopita kwa alimi likutikhudza ife a m'tauni.

1. Mlimi afunsidwe. M'chaka cha 2015 boma lidagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity. Chimanga chidapsereradi, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi. Kafukufuku wa m'dziko muno adapeza anthu 6.5 miliyoni osowa chakudya, koma makompyuta a inshuwalansi adaonetsa kuti vuto ndi laling'ono, losayenera kulipira. Chidalakwika n'chiyani? Mawerengero awo adatengera chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri adali atayamba kudzala mbewu yocha msanga, imene ng'amba idaipeza pa nthawi yoipa. Atakonza, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zidatuluka mu Januwale 2017, njala itafika kale pachimake. Mayi aliyense wa kumudzi akadatha kunena mbewu imene adadzala. Zimandipweteka kuti ana adagona ndi njala chifukwa cha funso limene silidafunsidwe, ndipo amene amakonza mapulani ku Capital Hill asaiwale chaka chimenecho.

2. Thandizo lifike msanga. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha El Niño, ndipo ndalama za inshuwalansi, zopitirira madola 11 miliyoni, zidaperekedwa mu Ogasiti. Banja limene silidakolole silidikira miyezi yotere chimanjamanja. Limagulitsa mbuzi motchipa, kenako njinga, ndipo bambo amasiya munda wake kukagwira ganyu m'munda wa wina. Thumba la chimanga lobwera pambuyo pake limadyetsa ana, koma silibweza mbuzi ija.

3. Kalembera wa olandira thandizo achitike poyera. Mfumu kapena wa komiti amene alemba mlamu wake n'kusiya gogo wolera ana amasiye waba chakudya cha anawo. Mayina awerengedwe pabwalo, mudzi wonse ukumva.

4. Wamalonda asakolole pa njala ya mnzake. Apa ndikunena ife tomwe. Thandizo lina limabwera ngati chimanga kudzera ku nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA, lina ngati ndalama, monga za Mtukula Pakhomo. Ndalama ili ndi ubwino wake, pakuti mayi amasankha yekha chogula, koma imafooka msanga. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo idakwera. Ndiye venda akamva kuti mawa kuli malipiro n'kukweza mtengo wa ndowa usiku womwewo, thandizo lija lalowa m'thumba mwake. Phindu si tchimo, tonse timadyera pomwepo, koma lotere ndi lochititsa manyazi.

5. Wolandira asanyozedwe. Ena a ku Area 10 ndi Area 43 amadandaula akamva kuti wina watengako ndalama za thandizo n'kugulira mwana juzi kapena nsapato pa kaunjika. Mwana ameneyo akufunika kupita kusukulu m'mawa wa Juni kukuzizira, ndipo makolo ake adalima, adapalira, adathira feteleza wa ngongole, mvula n'kuwathawa mu Febuluwale chimanga chikumasula.