Ukamayesa safety, yamba ndi maso ake

Mphwanga, wandiuza kuti akupatsa ntchito yoonera anyamata a m'makoleji amene amasewera malo a safety pa mpira wa ku America, kuti ulembe amene akuyenera kutengedwa pa draft ya NFL mwezi wa Epulo. Ndakondwa nazo. Koma ndikuchenjezeretu kuti malo amenewa amanyenga ngakhale akuluakulu amene akalambira pa ntchitoyi. Kanema wa pa TV amatsata mpira, pamene safety amaima kutali, mayadi 12 kapena 15 kumbuyo kwa anzake, nthawi zambiri kunja kwa chithunzi. Umamuona pokhapokha akalanda mpira, akagunda munthu mochititsa nthumanzi, kapena akadutsidwa. Ntchito yake yambiri imachitika kamera isakumuona. Tsono usalembe kanthu za mnyamata aliyense usanaone kanema wojambulidwa pamwamba uja amati All-22, woonetsa osewera onse nthawi imodzi.

Chaka chilichonse ena mwa anyamatawa amaitanidwa ku Combine, mumzinda wa Indianapolis, komwe amawapima msinkhu, kuwayeza sikelo, kuwalumphitsa ndi kuwathamangitsa mayadi 40. Manambala a kumeneko amalowa m'mutu msanga chifukwa savuta kuwerenga. Pamenepa mpamene akale ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumbukira za 2010. Taylor Mays wa ku USC anali chimphona, wamtali mafiti 6 ndi mainchesi 3, wolemera mapaundi 230, ndipo anathamanga mayadi 40 aja m'masekondi 4.43. Munthu wamkulu chonchi kuthamanga choncho, aliyense anatsegula pakamwa. Mphunzitsi wake wa ku koleji, Pete Carroll, anali atangoyamba kumene ntchito ku Seattle Seahawks, ndipo timu yake inkafuna safety. Anthu ambiri ankayesa kuti nkhani yatha kale. Pa draft, itafika nambala 14, Carroll anatenga Earl Thomas wa ku Texas, mnyamata wamfupi, kusiya amene anamuphunzitsa yekha zaka zinayi. Mays anadikira mpaka nambala 49, pomwe San Francisco inamutenga, ndipo patangotha chaka chimodzi inamupereka ku Cincinnati.

Carroll anaona chiyani? Mays m'zaka zake zonse za ku koleji analanda mipira 5 yokha ya adani. Thomas analanda 8 m'chaka chimodzi cha 2009. Usandimve molakwa, Thomas nayenso anali ndi liwiro loopsa. Kusiyana kwawo kunali kwakuti wina ankathamangira munthu amene wawakha kale mpira kuti akamugunde, pamene winayo ankanyamuka mpira usanachoke m'dzanja la quarterback, woponya mpira. Thomas anakhala msana wa chitetezo chimene chinapatsa Seattle chikho cha Super Bowl mu Febuluwale 2014, atagonjetsa Denver 43 kwa 8.

Wotchi imanamanso mbali inayi. Kyle Hamilton wa ku Notre Dame anathamanga 4.59 mu 2022, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti ndi wochedwa. Baltimore inamutenga pa nambala 14, ndipo chaka chake chachiwiri anasankhidwa m'gulu loyamba la All-Pro, la osewera opambana a chakacho. Brian Branch wa ku Alabama anathamanga 4.58 mu 2023, anatsetsereka mpaka nambala 45, Detroit n'kudzitolera. Pa Combine munthu amathamanga molunjika, wopanda chipewa, akudziwa kale kumene akupita. M'bwalo sadziwa, ndipo phazi limodzi loponda kolakwika limadya nthawi yoposa imene wothamanga kwambiri amapambana nayo mnzake.

Ndiye ukakhala pa kanema, yamba mpira usanayambe. Ona amene akuyankhula. Timu ya adani ikasuntha wosewera mmodzi kuchoka mbali ina kupita ina, chitetezo chonse cha kumbuyo chimayenera kusintha m'kanthawi kochepa. Pali safety amene amatambasula manja, kuloza, kukuwira cornerback ndi linebacker, aliyense n'kusuntha. Pali wina amene amacheukira kwa aphunzitsi ali kunja kwa mzere, kapena kwa mnzake, kudikira kuuzidwa. Woyambayo ulembe dzina lake ndi inki yakuda kwambiri. Mu NFL zigoli zambiri zochititsa manyazi, zija wowakha mpira amapezeka ali yekhayekha kumbuyo kwa aliyense, zimabwera chifukwa anthu awiri sanamvane, aliyense poyesa kuti mnzake ndiye amulondola.

Mpira ukayamba, imitsa kanema, uziyendetsa pang'onopang'ono, maso ako ali pa mapazi ake atatu oyamba. Quarterback atembenuka, atambasula dzanja ngati akupereka mpira kwa running back, koma akunamizira. Mnyamata wopupuluma amalumphira kutsogolo mapazi awiri, mapewa atawerama, mtima uli kale pa kugunda. Akadzazindikira, tight end wadutsa pambali pake, iye akutembenuka movutikira, akuona nambala ya kumsana. Wophunzitsika sayang'ana dzanja lonyengalo. Amayang'ana akuluakulu a pa mzere wa kutsogolo: akatsika n'kukankhira patsogolo, mpira ukuthamangidwa, akadzuka n'kubwerera m'mbuyo, mpira ukuponyedwa. Mapazi ake amakhala odekha mpaka atatsimikiza, kenako amanyamuka kamodzi kokha. Ubwereze zimenezi m'masewera angapo, makamaka amene timu yake inakumana ndi quarterback wabwino. Pamenepo mpamene udzaone ngati amakokeka ndi maso a woponya mpira, uja amayang'ana kumanzere dala kuti safety asunthe kenako n'kuponya kumanja. Ed Reed, amene Baltimore inamutenga pa nambala 24 mu 2002, ankachita kutembenuza msamphawo. Ankaonera kanema wa adani mpaka kudziwa zizolowezi zawo, n'kumaima ngati wasochera kuti quarterback akhulupirire kuti njira yatseguka. Anapuma atalanda mipira 64.

Komabe nambala ya mipira yolanda usaimeze yonse. Uone uliwonse paokha. Wina umagwera m'manja chifukwa wadumpha pa zala za mnzake, wina quarterback anangoponya mopyola. Umene ukufuna ndi uja mnyamata anachoka pakati pa bwalo n'kukafika kumphepete nthawi imodzi ndi mpira. Ndipo uzikumbukira kuti bwalo la ku koleji linalembedwa mosiyana. Timizere tija amaikapo mpira tatalikirana mafiti 40 ku koleji, pamene mu NFL ndi mafiti 18 ndi theka. Ku koleji mpira ukakhala pa kamzere kamodzi, mbali ina imatambasuka kwambiri ina n'kupanikizika, ndipo zimenezi zimamuthandiza safety kulingalira kumene ngozi ichokere. Mu NFL mpira umakhala pafupi ndi pakati nthawi zonse, mbali zonse ziwiri n'zotseguka, thandizo lija palibe.

Za kugwetsa munthu, apa ndiye mtima wanga umawawa ndi mmene achinyamata mumasangalalira ndi kugunda kwaphokoso. Safety ndiye womaliza. Akaphonya, kumbuyo kwake kulibe wina. Uwerenge kangati anaphonya, ndiponso chifukwa chake. Kodi anabwera molunjika pamene munthu ali, kapena pamene munthuyo akupita? Kodi anachepetsa liwiro, kutambasula miyendo, kukumbatira ndi manja onse awiri, kapena anangodziponya ndi phewa maso atatseka? Amene amaweramitsa mutu pogunda ukamulembe mosabisa. Kuyambira 2013, ku koleji amatulutsa m'bwalo wosewera wolunjika mutu wa mnzake, ndipo NFL imalanga ndi mayadi komanso chindapusa. Kuposa zilangozo, khosi ndi ubongo wa mwana wa munthu zili pangozi, wake ndi wa amene akumugundayo. Ukamuyamikira pa chizolowezi chimenechi, ukumuthandiza kudzivulaza.

Usamalenso ndi mawu akuti uyu ndi safety wabwino, osanena kuti wabwino pa ntchito iti. Wina amalondera kumbuyo yekha, wina amatsika pafupi ndi mzere kukathandiza kugwetsa othamanga ndi mpira, wina amalondola wowakha mpira wam'kati maso ndi maso. Minkah Fitzpatrick anatengedwa ndi Miami pa nambala 11 mu 2018, n'kumamusinthasintha malo mpaka iye anapempha kuchoka. Pittsburgh itamutenga mu Seputembala 2019 inamukhazika kumbuyo, chaka chomwecho n'kulowa m'gulu loyamba la All-Pro. Munthu anali yemweyo. Lipoti lako linene ntchito imene angaigwire tsiku loyamba, imene angaiphunzire, ndi imene sadzaitha.

Matimu kawirikawiri satenga safety koyambirira kwenikweni. Sean Taylor mu 2004 ndi Eric Berry mu 2010 anatengedwa pa nambala 5, koma zotere sizichitikachitika. Ambiri amene udzawalembe adzapita m'ndime yachiwiri ya draft, yachitatu, mpaka yachisanu ndi chiwiri, ndipo kumeneko n'kumene khama lako lidzaoneke. Chaka chomwe chija Seattle inatenga Thomas, inatenganso Kam Chancellor wa ku Virginia Tech pa nambala 133. Kevin Byard wa ku Middle Tennessee sanaitanidwe n'komwe ku Combine mu 2016, koma Tennessee inamutenga pa nambala 64, ndipo mu 2017 analanda mipira 8. Choncho kanema wa sukulu yaing'ono, ngakhale wojambulidwa moipa, umuonere ndi mtima womwewo. Kwa anyamata a ndime zomalizazi, ufufuzenso ngati ankathamangira mpira wa kickoff ndi punt, chifukwa chaka choyamba ambiri amadyera pamenepo.

Ukapatsidwa mpata wokhala naye pansi, usamufunse za masewera amene anawala. Umuonetse pamene anadutsidwa, chigoli n'kulowa, ndipo umufunse mwaulemu kuti chinachitika n'chiyani. Wina adzayamba ndi cornerback amene sanamve, kapena aphunzitsi amene anaitana chitetezo cholakwika. Wina adzakuuza dzina la chitetezo chimene anaitana, ntchito ya aliyense mwa anzake, pamene maso ake anayenera kukhala, ndi pamene anapita. Akatero, umufunsenso kuti adani omwewo atabwereza msampha womwewo m'gawo lachinayi iye anatani, ndipo ukabwerere ku kanema ukatsimikize zimene wakuuzazo.