Galimoto ya Mwini Esiteti

Aphunzitsi, taganizirani za munthu amene boma lamlemba kuti aziyendera malo a ntchito. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limampatsa mphamvu yolowa pa esiteti, kuona mabuku a malipiro, ndi kufunsa antchito. Lamulo lomwelo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2021 analikonza kuti lithetse utenanti. Mphamvu ilipo ndithu. Koma minda yambiri ya fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji ili kutali ndi ofesi yake, ndipo galimoto kapena mafuta zikasowa, mphamvu ija imangogona m'kabati.

Tsono mwini esiteti abwera nanena, "Musavutike bwana, mawa ndidzakutengani." Kodi akwere?

Ena a m'kalasi mwanu adzati akwere, pakuti sanalandire ndalama. Adzatinso kukhala pa ofesi sikuthandiza mlimi amene wagwira chaka chathunthu osalipidwa. Musawatsutse msanga, chifukwa mawu awo ali ndi nzeru. Wokana galimoto n'kukhala pansi angasunge mbiri yake yoyera, mwana wa eni ake ali kusoka fodya m'chigafa nthawi ya sukulu.

Komabe muwafunse kuti, nanga antchito adzaona chiyani? Adzaona woyendera uja akutsika pa mpando wakutsogolo, akuseka ndi bwana wawo. Ndani pamenepo adzatsegula pakamwa? Ndiponso mwini galimoto ndiye amasankha tsiku ndi njira. Ana adzakhala atawabisa kale, ndipo mlendo adzangoona gawo la munda lomwe amsonyeza. Pobwerera madzulo, n'kovuta kulemba mlandu munthu amene wakutula pakhomo pako. Chiphuphu sichibwera ngati ndalama nthawi zonse, china chimabwera ngati ulemu.

Ine ndiona kuti ndi bwino apite pa njinga, kapena pa matola, nafike mwadzidzidzi pa minda iwiri yokha, kusiyana ndi kuzungulira minda khumi pa galimoto ya oweruzidwa. Kumeneko n'kutopetsa, ndipo mwina adzatulutsa ndalama m'thumba mwake, zomwe sizimayenera kutero. Mlandu wa kusowa mafuta ndi wa omutuma.

Pophunzitsa musaloze boma lokha. Ena a ife tili ndi wolima m'munda mwathu kapena mtsikana wolera ana kunyumba, ndipo kumeneko woyendera sanafikeko chiyambire. Muwafunse a m'kalasi kuti mwezi watha anamlipira tsiku liti.