Mwini mawu amadya chiyani?

Mwana wa mlongo wanga amachita masewero. Ndikanena zimenezi kwa anthu kuno ku Malowera, funso lawo limakhala limodzi: "Nanga ntchito amagwira yanji?" Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuyankha kuti amalimanso, ngati kuti khasu ndilo lingamuchotsere manyazi. Yankho limenelo ndalisiya, pakuti ndaona ndi maso anga thukuta limene sewero limadya.

Tsiku la msika mukamupeza pansi pa mtengo wa mango, atadzola phulusa kumutu kuti aoneke nkhalamba, atavala jekete lakutha la malemu bambo ake. Palibe nsanja, palibe chimkuzamawu. Mawu ake ayenera kupitirira phokoso la chigayo ndi njinga zamoto. Akangotsokomola ngati gogo, amayi ogulitsa tomato amasiya malonda n'kubwera kudzaunjikana. Sewero la mphindi 20 lonena za kolera, iye ndi anzake amalikonzekera masabata awiri, madzulo aliwonse akaweruka kumunda. Likatha, amene anawatuma amawapatsa tisheti, botolo la Fanta ndi kangachepe kotchedwa ya sopo.

Chaka china anamuitana ku Tete kuti akajambule uthenga wa pa wailesi. Anandifotokozera kachipinda kake: matiresi okhomedwa m'makoma, mahedifoni kumutu, munthu wina kuseri kwa galasi akumukodola kuti abwereze. Pepala limene anamupatsa linali la Chipwitikizi. Analitembenuza yekha atakhala pakhonde, kufunafuna mawu amene agogo akumudzi angawamve osafunsa mdzukulu. Ntchito yomasulirayo palibe anaiwerengera. Anamulipira kamodzi, zambiri zinathera pa thiransipoti, koma uthengawo unamveka miyezi ndi miyezi. Tsiku lina tili pakhonde unatulukira pa wailesi, iye n'kundiyang'ana. "Atsibweni, mawu anga ali pa ntchito, mwini wake ndili pa ulova."

Ife a m'malire muno tinaleredwa ndi mawu a anthu amene nkhope zawo sitinazionepo. Akuluakulu mpaka lero amasimba za Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia: munthu mmodzi, koma m'kamwa mwake munkatuluka mfumu, nkhalamba, mtsikana ndi fisi yemwe. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, abale athu ambiri atathawira ku Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia, wailesi ndiyo inkasonkhanitsa anthu madzulo. Nkhondo itatha mu 1992 anabwerera ndi mawailesi awo. Ena tinkasakasaka wailesi ya MBC ya ku Malawi kuti timve sewero la Kapalepale, ndipo nthabwala za Izeki ndi Jakobo, amene mayina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, zinawoloka malire popanda chiphaso. Anthu amenewa tinkawakonda chifukwa ankatiuza za ife eni, za nsanje zathu, ngongole zathu, apongozi athu.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga. Masiku ano wochita masewero wa kumudzi amapeza ndalama pokhapokha bungwe likakhala ndi uthenga woti ufalitsidwe, ndipo wolipira ndiye amasankha nkhani. Mauthengawo sindikuwanyoza. Tikuferanji, sewero limene linatchukitsa Michael Usi ngati Manganya, linathandiza mabanja ambiri kulankhula za Edzi pa nthawi imene anthu ankangoti "matenda a masiku ano", ndipo Usi yemweyo anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi mu 2024. Sewero la kolera lija nalonso lapulumutsa ana, sindikukayika. Koma munthu akachita masewero a mauthenga okhaokha zaka 10, luso lake limafota. Mathero a sewero lililonse amadziwika lisanayambe: mbuli iphunzira, ilapa, onse aimba nyimbo. Oonera nawo anazolowera. Amaseka pakati, koma pofika pa phunziro amayamba kubalalika.

Njira ina inalipo ndipo inayenda. Du Chisiza Jr. atayambitsa gulu la masewero la Wakhumbata mu 1987, ankalemba masewero ake, n'kumalipiritsa pakhomo, anthu n'kumadzaza holo ya French Cultural Centre ku Blantyre. Atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira anapitiriza njira yomweyo mpaka imfa yake mu 2006. A gulu la Kwathu anachita chimodzimodzi m'Chichewa. Ku Maputo, gulu la Mutumbela Gogo lakhala likuchita masewero ku Teatro Avenida kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Onsewa anali ndi ufulu wonena zakukhosi chifukwa mbali ina ya chakudya chawo inkachokera m'matumba a oonera.

Wina anena kuti imeneyo ndi mizinda, kuno anthu alibe ndalama. Umphawi ulipodi, sindikuutsutsa. Koma kupereka kwa wotisangalatsa si mwambo wachilendo kwa ife. Gule akatuluka pabwalo timasupa, ngakhale wosaukitsitsa amaponya kakobiri. Sindikuyerekeza Gule Wamkulu ndi sewero, pakuti gule ndi wa mizimu ndipo ali ndi ulemu wake, umene ngakhale UNESCO inauvomereza mu 2005. Ndikungonena kuti dzanja losupa tili nalo kale. Oimba ng'oma pa ukwati timawafupa. Pa sewero pokha ndi pamene tinaphunzitsidwa kuti ndi zaulere, kuti alipira ndi a bungwe, ife n'kumangodikira kuti mwina atigawiranso matisheti.

Kwa ojambulitsa mauthenga pempho langa ndi lachidule: womasulira alipidwe ngati womasulira, ndipo mawu akamaulutsidwa chaka chachiwiri, mwini wake alandirenso kanthu.

Mwana wa mlongo wanga uja ali ndi kope la sukulu limene amalisunga m'sutikesi. M'menemo analembamo sewero la wogula chimanga wa sikelo yobera, amene amafika m'mudzi anthu akangokolola, ndi mlimi amene amadziwa kuti akuberedwa koma mwana ali kuchipatala. Analiwerengera ine ndi mayi ake usiku wina, akusinthasintha mawu, mpaka mlongo wanga anapukuta misozi ndi chitenje. Palibe bungwe linalifunsapo sewero limeneli. Ndamupempha kuti msika ukubwerawu akalichite pansi pa mango paja. Lichero ndikayendetsa ndekha, ndipo mametikali kapena makwacha, zonse ndikalandira.