Bodza la Claude Lanzmann

Mu filimu ya Shoah, imene Claude Lanzmann wa ku France anatulutsa mu 1985 ataivutikira zaka 11, muli malo amene amasautsa chikumbumtima. Franz Suchomel, yemwe anali msilikali wa gulu la Nazi la SS pa msasa wopherapo Ayuda wa Treblinka ku Poland, akupempha kuti dzina lake lisatchulidwe, ndipo Lanzmann akumulonjeza. Chonsecho kamera inali itabisidwa. Lero dzina, nkhope ndi mawu a Suchomel zili pambalambanda m'filimu ya maola oposa 9, ndipo lonjezolo Lanzmann sanalidule ayi: analisiya kuti aliyense adzimvere yekha kuti iye ananama. Kodi analakwa?

Katswiri wa filosofi Immanuel Kant akanati inde. Mu 1797 analemba kuti kunama nkosaloledwa ngakhale kwa wakupha amene akufunsa komwe mnzako wabisala, pakuti bodza limadya kukhulupirirana kumene anthu amakhalira pamodzi. Mfundoyi si yopepuka, makamaka kwa wojambula amene chuma chake chonse ndi kukhulupiridwa. Koma tiyang'ane chimene Suchomel ankapempha. Ku Treblinka kunaphedwa anthu oposa 700,000, ndipo mu 1943 akuphawo anafukula mitembo n'kuitentha, anagumula msasa, analima pamalopo n'kumangapo nyumba ya pafamu. Kubisa kunali mbali ya upanduwo. Kumusungira chinsinsi munthu wotere kukanakhala kumuthandiza kukwirira dzenje lomwe lija. Azamba achiheberi a pa Eksodo 1 ananamiza Farao, Mulungu n'kuwachitira zabwino. Wina anganene kuti iwo ankapulumutsa ana amoyo, pamene Lanzmann sanapulumutse aliyense. Nzoona, koma akufa nawonso angalandidwe kanthu, ndiko kudziwika kuti anakhalako ndi momwe anafera.

Chovuta kwenikweni chili kwa Abraham Bomba, Myuda amene anakakamizidwa kumeta amayi ku Treblinka asanaphedwe ndi mpweya wapoizoni. Lanzmann anamujambula ku Israel ali ndi sizasi m'manja, akumeta munthu. Atafika pa nkhani ya mmeti mnzake amene anaona mkazi wake ndi mlongo wake akulowa m'chipinda chopheramo anthu, Bomba anasowa mawu, misozi ili m'maso, n'kupempha kuti alekere pomwepo. Lanzmann anaumirira. Apa palibe bodza lililonse, ndipo lamulo la Kant silipeza mlandu. Komatu amene analipira umboniwo ndi munthu wosalakwa, ndipo kamera sinazimitsidwe mpaka anayambanso kulankhula.