K5 ya pa Siteshoni

Pa siteshoni ya mabasi ku Kapata, kamnyamata ka zaka ngati khumi kakugwirani malaya. "Ba boss, nipaseniko ya bansi." Mupisa m'thumba, mutulutsa K5, iko kathamanga, inu mukwera basi mtima uli m'malo. Ine ndacita zimenezi kambirimbiri. Koma masiku ano ndimadzifunsa kuti pa awirife, wathandizidwa ndani?

Njala ya mwanayo ndi yeniyeni, ndipo munthu wanjala sadya malangizo. Amene amati "musawapatse, muwazoloweza" kawirikawiri amalankhula atakhuta. Komabe mfundo ali nayo. K5 ija ingagule bansi, ingagulenso sitika, mankhwala aja amene ana amanunkhiza m'kabotolo kuti asamve njala ndi kuzizira kwa mu Juni. Mwinanso ilandidwa ndi mnyamata wamkulu amene amalamulira pakona. Ndipo ngati mumsewu mupezeka ndalama kuposa kunyumba, mwana abwereranji kunyumba?

Mwana ameneyu sanagwe kumwamba n'kutera pa Down Shops. Ali ndi kwao, kaya ndi ku Mchini, ku Nabvutika, ku Magazine kapena kumudzi kwa Mpezeni. Kale mwana wamasiye anali wa atsibweni ake ndi ambuye ake, pakuti makolo amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Edzi ya m'zaka za m'ma 1990 inatenga makolo ambiri, agogo n'kutsala ndi adzukulu osawakwanitsa. Lamulo la 1989 la cuma camasiye limati munthu akamwalira osalemba wilo, theka la cuma cake ndi la ana. Koma alipo ana amene anaona acibale akunyamula mipando maliro asanathe n'komwe. Ena anathawa cikwapu ca bambo wowapeza, ena anatumidwa ndi amai ao enieni kuti akapemphe. Msewu ndi pothera nkhani. Poyambira ndi panyumba.

N'cifukwa cake thandizo lenileni limatenga nthawi. Kuno ku Chipata, bungwe la Smiling Kids Zambia limakoka ana ndi mpira, kenako n'kuwabwezera kusukulu. Ku Chiwoko, m'boma la Katete, a Zambia National Service anayamba kuphunzitsa acinyamata ocotsedwa mumsewu nchito zamanja monga ukalipentala ndi ulimi. Si onse amene amapindula. Wina amamaliza maphunziro, koma posowa zida ndi mpamba amabwerera pakona pomwe paja. Wina amathawa kawiri, katatu. Amene amagwira nchito imeneyi amayenera kumufunanso, kupeza abale ake, kukhala pansi ndi banja n'kufunsa cimene cinamuthamangitsa. Zimenezi sizioneka bwino pa Facebook.

Zimene zimaoneka bwino tonse timazidziwa. Pa Khrisimasi galimoto ifika ndi mpunga ndi zovala, ana aimikidwa pamzere, zithunzi zijambulidwa. Mpungawo ndi wabwino, sindiunyoza. Koma mwana amene nkhope yake yafalitsidwa kuti anthu ayamike wopereka, walipira cakudyaco ndi ulemu wake. Nanga mu Januwale, mvula ili pakati, adya ciani? Ndikaona zotere ndimakumbukira K5 yanga ija. Nayo inagula mtendere wa mumtima mwanga, mwanayo n'kutsala pomwepo.

Sindikunena kuti tiumitse manja. Ndikunena kuti thandizo tizililinga ndi funso limodzi: kodi mawa mwana uyu adzakhala ndi kobwerera, ndi munthu womudziwa dzina? Kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka giredi 12. Khomo ndi lotsegula, koma mwana wopanda yunifomu, nsapato ndi makope, amene sanalawe kanthu m'mamawa, amaima panja. Apa ndi pamene ife a m'komboni, ngakhale tilibe ndalama zambiri, tili ndi mphamvu. Yunifomu imene inakuceperani ili m'cikwama. Mwana wa aneba amene wasiya sukulu mumamuona tsiku lililonse akutola mabotolo, ndipo kumuperekeza kwa ahedi sikufuna ngwee. Mukamva mwana akumenyedwa usiku ndi usiku kuseri kwa mpanda, nambala ya 116 ndi yaulere. Kugwira mwana asanafike mumsewu n'kosavuta kusiyana ndi kumucotsamo.

Nanga kamnyamata ka pa siteshoni kaja? Kakabweranso ndidzakagulira bansi, cifukwa njala siidikira kuti ine ndimalize kuganiza. Koma basi ija indisiye, ndikwera ina. Ndidzakhala nako pa benchi kakudya, ndikafunse dzina, ndikafunsenso kwao.