Za Goli Lobisika m'Nchito ya Kucotsa Katundu m'Nyumba

Mwezi uno tilingalire funso ili: Kodi munthu amene sanamenye wanchito wace, kapena kummanga ndi unyolo, angakhale ndi mlandu wa ukapolo? Ambiri adzayankha msanga kuti iai. Koma tiyambe taona nchito yina ya ku Britain, ndipo pamenepo tidzaweruza.

M'dziko limenelo munthu akamwalira kapena akasamuka, eni nyumba aitana kampani kuti idzacotse katundu yense: makama, mipando, mbale, zitsulo ndi zinyalala. Zabwino azigulitsa, zotsala azitengera ku malo osankhirako zinyalala. Nchitoyi njolemetsa ndi yauve, ndipo icitika m'nyumba zotseka, m'mene mulibe maso a anthu. Lero anchito ali kuno, mawa ali kwina. Nthawi zina mwini kampani sawalemba yekha, koma awalandira kwa munthu wapakati, amene nchito yace ndiyo kupezera makampani anchito. Apa mpamene coipa cipeza pobisala.

M'caka ca 2019 bwalo la milandu la ku Birmingham linatsutsa anthu 8 amene ananyenga amphawi a ku Poland. Apolisi anati ozunzidwawo anali ngati 400. Onyengawo anawalonjeza nchito ndi pogona, nawalipirira ulendo. Atafika, anawaunjika m'nyumba zauve, nawatumiza ku nchito m'minda ndi m'malo osankhiramo zinyalala. Makampani anaika malipiro m'banki monga mwa lamulo, koma makhadi a banki anali m'manja mwa onyengawo. Wanchito analandira nyenyeswa zokha, nauzidwa kuti akali ndi ngongole ya ulendo ndi ya nyumba. Odandaula anaopsezedwa, ndipo ena anamenyedwa.

Ife a kuno cinyengo cotere sicacilendo kwa ife. Mau akuti thangata poyamba anali mau abwino, onena za kuthandizana kwa abale pa munda. Koma pa minda ya Azungu ku mapiri a Shire mauwo anasanduka goli: wokhala pa malo a mwini munda anagwira nchito m'malo mwa lendi ndi msonkho, ndipo kawirikawiri miyezi yace inatalikitsidwa. Kuwawa kumeneku ndiko cimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe m'caka ca 1915. Tsono taonani kufanana kwace. Wozunza sanena kuti, Ndikuyesa kapolo. Anena kuti, Ndakuthandiza, ndakupatsa pogona, ndakupezera nchito. Goli la masiku ano alisema ndi ngongole ndi mantha, nalicha dzina la thandizo.

Nanga tidzalizindikira bwanji? Pangano la maiko la ku Geneva la 1930 linaika zizindikiro ziwiri za nchito yokakamiza: munthu aigwira poopa cilango, ndipo sanaibvomere mwa ufulu wace. Cotero mafunso ali awiri. Kodi munthuyu akafuna kuleka nchito lero, angacoke wopanda mantha? Kodi malipiro ace afika m'dzanja lace la iye mwini? Ngati yankho ndi iai, pamenepo pali ukapolo, cinkana palibe unyolo.

Kapena mwini kampani adzati, Ine ndinalipira zonse, ndipo za kuseri sindinazidziwa. Zoona, kusadziwa kwina kulibe cimo. Komatu pali kusadziwa kumene munthu akusankha yekha, poleka kufunsa cifukwa aopa kuti yankho lidzamtayitsa phindu. Wotere ali ndi mlandu. Cilamulo ca Mose, m'buku la Deuteronomo, cinalamula kuti waganyu waumphawi alandire zace tsiku lomwelo, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo. Ndipo Yakobo m'kalata wace acenjeza olemera kuti Mulungu amva kulira kwa okolola amene anamanidwa malipiro. Lamulolo silikwanira ndalama zikangoturuka m'thumba la bwana. Likwanira zikafika kwa iye amene anakhetsa thukuta.

Boma la Britain linaika lamulo loletsa ukapolo wa makono m'caka ca 2015. Lamulolo likakamiza makampani amene malonda ao afika mapaundi 36 miliyoni pa caka kuti caka ndi caka alembe poyera zimene acita poletsa coipaci. Makampani ambiri ocotsa katundu ngang'ono, safika pa muyeso umenewo. Koma cikumbu mtima cilibe muyeso wa mapaundi. Mwini galimoto imodzi ndi anyamata atatu akhoza kucita izi: alankhule ndi wanchito ali yense payekha, m'cinenero cimene acimva, wopanda womperekeza, aone kuti pasipoti ndi khadi la banki zili kwa mwini wace, afunse bwino akaona anchito ambiri ocokera m'nyumba imodzi, obvala zong'ambika, ooneka anjala, akane wapakati amene alipiritsa anthu kuti awapezere nchito, alembe pangano la maola ndi malipiro, apatse anchito nsapato zolimba ndi zobvala za m'manja, pakuti m'nyumba zakale muli misomali, magalasi osweka ndi pfumbi lodwalitsa.

Woitana kampani nayenso asasambe m'manja. Mtengo ukatsika koposa muyeso, adziwe kuti wina ali kulipira cotsalaco ndi msana wace.

Ndipo ife tisayese kuti mauwa akhudza a kutsidya la nyanja okha. Mwana wanu akalonjezedwa nchito kutali ndi munthu wofuna kumsungira pasipoti, mcenjezeni asanakwere ulendo. Ndipo inu amene mulemba waganyu pa munda, musamcedwetsere zace, kapena kummanga ndi ngongole ya cimanga ca m'nyengo ya njala. Akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mulungu amene anaturutsa Aisrayeli m'nyumba ya ukapolo atipatse maso akuona goli, ngakhale pamene lichedwa thandizo.